Chimwemwe cha Wochemerera Hockey

Mnyamata wina wa ku Lichinga kuno, kumene mpira wamiyendo ndiwo mfumu ya masewera, anandifunsa chifukwa chimene mkulu wina wochokera ku Maputo amagwetsera misozi ya chimwemwe pokumbukira hockey; ndipo inenso poyamba zinandizunguza, popeza dzinalo limatikumbutsa maiko a madzi oundana.

Koma hockey ya Mozambique, imene inafika ndi Apwitikizi, imaseweredwa pabwalo losalala: anthu asanu mbali iliyonse, atavala nsapato za mateyala anayi, amakankha kampira kolimba ndi ndodo yopindika kumapeto ngati mpini wa ambulera.

Tsono mpikisano ukafika pa ndime imene wogonja amalongedza katundu osapatsidwanso mwayi, thukuta lonse la zaka limapimidwa usiku umodzi, ndipo wochemerera amakhala mtima uli m'mwamba kufikira wenzulo yomaliza. M'chaka cha 2011, ku San Juan m'dziko la Argentina, ana a Mozambique anapyola ndime yotere nakhala achinayi pa dziko lonse lapansi, pambuyo pa Spain, Argentina ndi Portugal. Akulu anati sunga khosi, mkanda woyera udzavala. Indetu, amene anapirira zaka za kugonja ali nawo ufulu wonse wa kusangalala kotero.