Chizindikiro Chowala Choonetsa Imfa ya Maselo

Lero tikambe za njira imene akatswiri akhala akuyesa pofuna kudziŵa msanga ngati mankhwala a khansa akugwira ntchito m'thupi la wodwala.

Inu a ku Mchinji, amene mumaona mbululu m'madambo a mtsinje wa Bua nyengo ya dzinja, mukudziŵa kuti mchira wake umatha pang'onopang'ono kufikira itasanduka chule. Palibe chimene chimaudula. Tizigawo ting'onoting'ono ta thupi, totchedwa maselo, timafa tokha mwadongosolo. M'chaka cha 1972 akatswiri atatu amene ankagwira ntchito ku Aberdeen m'dziko la Scotland, a John Kerr, a Andrew Wyllie ndi a Alastair Currie, anaitcha imfa imeneyi apoptosis, liwu la Chigiriki lonena za kuyoyoka kwa masamba.

Maselo a khansa amachulukana ndi kukana kufa, ndipo mankhwala ambiri amagwira ntchito powakakamiza kuti afe. Koma chotupa chimatenga masabata angapo kuti chionekere kuti chaphwa. Nthaŵi yonseyo, wodwala wochokera ku Mkanda kapena ku Kapiri amalipira ulendo wa ku chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, napirira mseru ndi kuthothoka kwa tsitsi, asanadziŵe ngati mankhwalawo akumuthandiza.

Tsono selo likayamba kufa limapereka chizindikiro. Mafuta ena otchedwa phosphatidylserine, amene amabisala mkati mwa chikuta chake, amatulukira kunja. Ilipo puloteni ina, annexin V, imene imakakamira pa mafutawo monga chisoso pa chovala. Mu 1998 a Francis Blankenberg ndi anzawo a pa yunivesite ya Stanford ku America anamangirira ku puloteniyi chitsulo chotulutsa cheza chotchedwa technetium-99m, nayesa pa nyama. Pambuyo pake njirayi inayesedwanso pa anthu. Puloteni ikabayidwa mu mtsempha imasonkhana pamene maselo akufa, ndipo kamera yapadera imajambula chezacho. Chotupa chikawala patangopita masiku ochepa, dokotala angadziŵe kuti mankhwala agwira.

Mphamvu ya technetium-99m imatsika ndi theka pa maola 6 alionse, kotero sichedwa m'thupi, komanso siingasungidwe. Zipatala zimaitenga kuchokera ku molybdenum-99, imene imapangidwa m'malo ochepa padziko lapansi, monga ku Pelindaba kufupi ndi Pretoria ku South Africa.

Vuto lina n'lakuti puloteniyi imasonkhananso mu impso ndi m'chiŵindi, nisokoneza chithunzi cha m'mimba. Pa chifukwa ichi ndi zina, njirayi ikadali m'manja mwa ofufuza. Pakali pano chida chathu chachikulu ndi kufulumira: mukaona chotupa chosazolowereka, pitani kuchipatala chisanakule.