NYAMAKAZI NDI MLANDU WA ASILIKALI AKALE

Pakati pa anthu amene amalawirira ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, kuchokera ku Ndirande, ku Bangwe ndi ku Limbe, pamapezekanso amuna amene kale ananyamula mfuti, koma lero zala zawo zikulephera ngakhale kumanga batani la malaya. Nthenda yawo ndiyo nyamakazi yotupitsa mfundo, imene madotolo amaitcha rheumatoid arthritis.

Nthendayi njosiyana ndi kuphwanya kwa mafupa kodza ndi ukalamba. Chitetezo cha thupi chimaukira mfundo za mwini wake, makamaka za zala, dzanja lamanja ndi lamanzere lomwe, ndipo mmawa mfundozo zimauma ora lathunthu kapena kuposerapo. Mankhwala onga methotrexate amaichepetsa mphamvu, koma saichotseratu.

Pamenepa ndipo pagona mlandu. Bala la chipolopolo limadzichitira lokha umboni. Nyamakazi ilibe chipsera, ndipo ikhoza kuonekera patapita zaka munthu atavula yunifomu. Tsono wopempha chithandizo cha kulumala amafunsidwa kusonyeza kuti nthendayo inayamba kapena inakula iye ali pa ntchito.

Kudandaula kwa asilikali sikunayambe lero. Askari a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Somaliland mu 1940, ku Madagascar mu 1942 ndi ku Burma mu 1944. Mu 2019 zikalata zakale za boma la Mangalande zinaulula kuti, pomasulidwa, msilikali wamba wachizungu analandira masheleni 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, pamene Mwafirika analandira masheleni 3 ndi theka. Ambiri a iwo anamwalira osaona chilungamo.

Amene anapuma pambuyo pawo angatengepo phunziro: mlandu wotere umaima pa zolembedwa. Nambala ya usilikali, chikalata chopumira ntchito, buku la kuchipatala, zotsatira za magazi ndi zithunzi za mafupa, zonsezi nzofunika kusungidwa bwino. Pempho likakanidwa, mwini wake afunse chifukwa chake molembedwa; pamenepo angathe kudandaula kwa Ombudsman, amene ofesi yake inakhazikitsidwa ndi malamulo aakulu a dziko a 1994, kapena ku Khoti Lalikulu ku Chichiri.

Makalaliki ndi aphunzitsi, amene kawirikawiri ndiwo amalembera okalamba makalata, ali ndi gawo lawo pa ntchito imeneyi. Kalata yolembedwa mosamala, yotchula masiku ndi malo, ikhoza kupulumutsa mlandu wa munthu amene dzanja lake silingagwirenso cholembera.