Mapepala akale akuonetsa zimene zinkachitika nkhondo ya zaka 16 isanayambe

Nkhondo yapachiweniweni ya pakati pa boma la FRELIMO ndi RENAMO inayamba mu 1977 ndipo inatha pa 4 Okutobala 1992, pomwe Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama anasaina pangano la mtendere mumzinda wa Roma. Anthu ambiri a m'chigawo cha Tete akamakamba za nkhondoyi amayambira pa tsiku limene anathawa kumudzi, ena kulowera ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena ku Zambia kapena ku Zimbabwe. Koma alipo makalata, malipoti ndi mabuku a m'maofesi amene analembedwa zaka 20 kapena 30 m'mbuyo mwake, ndipo owawerenga lero amaona kuti motowo unali utayamba kale kufuka utsi.

Pepala limene linali m'manja mwa anthu ambiri pa nthawi ya Apwitikizi ndi caderneta, kabuku kamene mwamuna wachikuda ankayenera kuyenda nako. Munkalembedwa dzina lake, mudzi wake, ngati wakhoma msonkho ndiponso kumene wagwira ntchito. Kuyambira mu 1942 boma linkafuna kuti mwamuna aonetse kuti wagwira ntchito yolembedwa kwa miyezi 6 pa chaka, ndipo wolephera ankatha kugwidwa ndi masipayi n'kutumizidwa ku chibalo. Lamulo losiyanitsa anthu akuda ndi nzika zina linathetsedwa mu Seputembala 1961. Chofunika kuona m'mapepala a nthawi imeneyo ndi ntchito ya mafumu, amene Apwitikizi ankawatcha régulos. Iwo ndiwo ankathandiza kusonkhetsa msonkho ndi kupereka amuna a chibalo, ena mofuna, ena poopa palmatória. Ufulu utabwera mu 1975, FRELIMO inawalanda mphamvu onse, abwino ndi oipa omwe, ndipo RENAMO inadzapeza abwenzi pakati pa mafumu okhumudwawo. Boma linadzawazindikiranso mwalamulo mu 2000.

Ena mwa anthu oyamba kulemba poyera zotsutsa nkhanzazi anali a mpingo. Dom Sebastião Soares de Resende, episkopi woyamba wa Beira kuchokera mu 1943 mpaka imfa yake mu 1967, ankadzudzula chibalo ndi ulimi wa thonje wokakamiza m'makalata ake opita kwa akhristu komanso m'nyuzipepala ya Diário de Moçambique imene anaiyambitsa. Mpaka mu 1962 dera la Tete linali pansi pa dayosizi yakeyo. Mu 1971 ansembe a chipani cha Padres Brancos anachoka m'dziko muno onse, atalemba kalata yonena kuti sangapitirize kutumikira pamene akuluakulu a mpingo ali chete pa zochita za boma.

Chaka chomwecho, ansembe a ku Spain a chipani cha Padres de Burgos analemba malipoti a kuphedwa kwa anthu wamba ku Mucumbura, m'boma la Mágoè, m'malire ndi dziko limene panthawiyo linkatchedwa Rhodesia. Malipotiwo ankanena kuti asilikali a Rhodesia ankaoloka malire n'kumachita nawo zachiwembuzo pamodzi ndi Apwitikizi. Ansembe awiri, Alfonso Valverde ndi Martín Hernández, anagwidwa ku Rhodesia, n'kuperekedwa kwa apolisi achinsinsi a Apwitikizi, ndipo anakhala m'ndende ya Machava pafupifupi zaka ziwiri. Mfundo ya asilikali a Rhodesia ija ndi yaikulu. Imaonetsa kuti boma la Ian Smith linali litalowa kale m'nkhondo ya ku Tete ufulu usanabwere. Samora Machel atatseka malire ndi Rhodesia mu Malichi 1976, bungwe la ukazitape la dzikolo, lotsogozedwa ndi Ken Flower, ndilo linathandiza kukhazikitsa ndi kupatsa zida gulu limene linadzakhala RENAMO.

Lipoti lodziwika kwambiri ndi la Wiriyamu. Pa 16 Disembala 1972 gulu la makomando a Apwitikizi, limodzi ndi anthu a polisi yachinsinsi ya DGS, linazinga midzi ya Wiriyamu, Chawola, Juwau ndi ina yoyandikana nayo, pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kum'mwera kwa mzinda wa Tete. Anthu oyandikira 400 anaphedwa, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Opulumuka ena anafika kuchipatala cha Tete ali ndi mabala, ndipo wansembe wa kuno kwathu Domingos Ferrão, pamodzi ndi ansembe a Burgos ndi akhristu ena, anayamba kufunsa mwakachetechete ndi kulemba mayina a omwalira mmodzimmodzi. Inali ntchito yoopsa, chifukwa DGS inali ndi makutu paliponse. Mapepalawo anatuluka m'dziko mobisa, n'kufika ku Spain, kumene wansembe wa ku England Adrian Hastings anawaona. Pa 10 Julayi 1973 nyuzipepala ya The Times ya ku London inasindikiza nkhaniyo patsamba loyamba, patangotsala sabata imodzi kuti mtsogoleri wa boma la Portugal Marcelo Caetano akacheze mumzindawo.

Boma la Lisboa linakana, ndipo akuluakulu ake ena anafika ponena kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe chifukwa sukupezeka pa mapu. Apa mpamene mndandanda wa mayina unagwira ntchito yake. Mudzi wa nyumba za udzu ukhoza kusowa pa mapu, koma kunali kovuta kutsutsa mayina a anthu olembedwa ndi zaka zawo, oti abale awo analipo ndipo akanatha kufunsidwa. Komiti yofufuza ya United Nations inatsimikiza mu 1974 kuti kuphana kumeneku kunachitikadi. Wolemba mbiri Mustafah Dhada, amene anabadwira m'dziko muno, anatha zaka zambiri akufananiza mapepalawo ndi mawu a opulumuka, ndipo buku lake linatuluka mu 2016. Mu Seputembala 2022, ali ku Maputo, nduna yaikulu ya Portugal António Costa anapepesa poyera chifukwa cha Wiriyamu, patapita zaka pafupifupi 50.

Zolemba za asilikali za zaka zomwezo zimanenanso zambiri za aldeamentos, midzi yolonderedwa imene anthu a ku Tete ankakankhidwiramo kuti asamapatse chakudya ankhondo a FRELIMO, makamaka pamene damu la Cahora Bassa linkamangidwa kuyambira mu 1969. Anthu anasiya minda yawo ndi manda a makolo awo. Patangopita zaka zochepa boma latsopano linabwera ndi aldeias comunais. Cholinga chimene linkalengeza chinali china, chobweretsa sukulu ndi chipatala pafupi, koma kwa mlimi amene anali atasamutsidwapo kale, kusiyana kwake sikunali kosavuta kukuona.

Mapepala ena ovuta kuwerenga ndi ochokera m'kati mwa FRELIMO momwemo. Eduardo Mondlane ataphedwa ndi bomba lobisidwa m'buku ku Dar es Salaam pa 3 Febuluwale 1969, wachiwiri wake m'busa Uria Simango analemba chikalata mu Novembala chaka chomwecho. M'menemo ankaimba mlandu atsogoleri anzake wa kupha ena a m'chipani, ndiponso ankati anthu a kum'mwera akupondereza a zigawo zina. Anachotsedwa m'chipani, anamangidwa ufulu uli pafupi, ndipo anadzaphedwa ali m'manja mwa boma popanda mlandu wozengedwa poyera. A FRELIMO ankamutcha wogulitsa nkhondo, pomwe ena amamuona ngati munthu amene ananena zoona nthawi isanakwane. Chikalatacho ndi mawu a munthu amene ankalimbirana utsogoleri ndipo chiyenera kuwerengedwa motero. Komabe dandaulo la anthu a pakati pa dziko limene lili m'menemo linadzamvekanso m'kamwa mwa RENAMO kwa zaka zambiri.

Kusamala komweko kumafunika pa mafayilo a PIDE, dzina lakale la DGS, amene amasungidwa ku Torre do Tombo mumzinda wa Lisboa ndipo anatsegulidwa kwa ofufuza mu 1994. Muli mayina ambirimbiri a anthu a kuno. Koma ambiri mwa mawu amene alimo ananenedwa m'Chinyungwe, m'Chinyanja kapena m'Chisena ndi munthu womangidwa, nthawi zambiri atamenyedwa, kenako womasulira n'kuwatembenuza, mzungu n'kuwalemba m'Chipwitikizi. Enanso ankaneneza mnansi wawo chifukwa cha mkangano wa munda kapena ng'ombe. Kupeza dzina la agogo m'fayilo yotere si umboni woti anali kazitape, ndipo si umboninso woti anali ngwazi.

Mapepala ambiri a maofesi a atsamunda ali ku Arquivo Histórico de Moçambique ku Maputo, malo amene anakhazikitsidwa mu 1934 ndipo tsopano ali pansi pa Universidade Eduardo Mondlane. Kuchokera ku Angónia kapena ku Chifunde ndi ulendo wa masiku, ndipo pafupifupi zonse zili m'Chipwitikizi. Amene ali pafupi ndi mabuku a ubatizo ndi a maukwati a m'mishoni monga Boroma ndi Lifidzi, komanso mapepala a m'nyumba: caderneta ya agogo, malisiti a msonkho, ndi makalata amene amuna ogwira ntchito m'mafamu a fodya ku Rhodesia ankatumiza kwawo, ambiri olembedwa m'Chinyanja ndi mnzawo wodziwa pensulo. Ochuluka anapsa kapena kutayika pothawa nkhondo. Otsalawo ali m'masutikesi ndi m'mabokosi a malata, ndipo amene akuwawononga tsopano ndi chiswe ndi chinyezi cha nthawi ya dzinja.