Ubale Ulipo ku Chawama, Chosowa ndi Bwalo

Ku Chawama kulibe bwalo la gofu, ndipo palibe amene amadabwa nazo. Komboniyi inakula kumwera kwa Lusaka nyumba ndi nyumba, anthu akudzimangira okha boma lisanawalole, mpaka lamulo la mu 1974 linavomereza makomboni otere ndipo ntchito yolambula misewu ndi kuika mipope inayamba. Malo amene anatsala anakhala msika, tchalitchi kapena bwalo la mpira lafumbi. Gofu imafuna mahekitala makumi angapo a kapinga wothiriridwa. Madzi oterowo mungawapeze kuti kumene amayi amalawirira pamzere ndi zigubu?

Komabe amuna a m'makomboni amaidziwa gofu. Makadi, anyamata ndi abambo amene amanyamula zikwama za ndodo ku Lusaka Golf Club ndi ku Chainama Hills, sagona m'madera a olemera ngati Kabulonga. Iwowa ndiwo amadziwa kumene kapinga wapendekera, ndodo yoyenera mphepo ikamawomba, ndi kumene mpira wabisala m'tchire. Bwana akagoletsa m'dzenje, kawirikawiri nzeru zinachokera kwa munthu amene waimirira kumbuyo kwake.

Masewerawa anabwera ndi atsamunda. Lusaka itakhala likulu mu 1935, akuluakulu a boma anafuna kosangalalira, ndipo makampani a migodi anakonzera antchito awo achizungu mabwalo okongola monga la Nchanga ku Chingola. Ufulu utabwera mu 1964 zipata zinatseguka. A Kenneth Kaunda ankaikonda gofu kwambiri, moti ankasewera pabwalo la ku State House komweko. Mpikisano wa Zambia Open unayamba mu 1972 ndipo unkakoka akatswiri a ku Ulaya: Sam Torrance anapambana mu 1975, Ian Woosnam mu 1985, zaka 6 asanatenge chikho cha Masters. Mu 2006 Madalitso Muthiya, mwana wa mu Lusaka amene anaphunzira ku University of New Mexico, anakhala Mzambia woyamba kusewera mu US Open, pabwalo la Winged Foot. Koma chipata chimene kale chinkatsekedwa ndi khungu tsopano chimatsekedwa ndi thumba.

Kumene gofu inabadwira sikunali choncho, ndipo apa m'pamene mtima wanga umawawa. Ku St Andrews ku Scotland, bwalo lotchuka la Old Course lili pamalo a anthu onse. Chikalata cha mu 1552 chinatsimikizira kuti anthu a m'tauniyo ali ndi ufulu wosewerapo. Mpaka lero bwalolo limapuma Lamlungu, kupatula pa mipikisano ikuluikulu, ndipo mabanja amayendapo ndi ana ndi agalu awo. Mu 1843 amisiri a m'tauniyo anayambitsa kalabu yawoyawo, Mechanics Golf Club, ndipo ikadalipo pansi pa dzina lina. Ku England nako kunabadwa makalabu a anthu antchito zamanja mkati mwa makalabu a olemera: amalipira pang'ono, amasewera pa maola amene eni ake sakufuna bwalo, amathandiza kukonza kapinga, ndipo amakhala ndi kanyumba kawo kapadera. Mu 1921 anapanga bungwe lawo la Artisan Golfers' Association, mothandizidwa ndi J.H. Taylor, katswiri amene nayenso anayamba ngati kadi. Tsankho linalimo ndithu, poti kanyumba kapadera ndi tsankho basi. Koma kalipentala ankagwira ndodo, osati kungoinyamula.

Ku America mizinda inamanga mabwalo a aliyense, kuyambira la Van Cortlandt Park ku New York mu 1895. Pamabwalo otere m'pamene panakula malige a amuna a kufakitale, a kutchalitchi kapena a dera limodzi. Amakumana tsiku limodzi pamlungu akaweruka kuntchito, kusewera maenje 9 dzuwa lisanalowe, kenako n'kukhala pansi kumwa ndi kuserewulana. Anthu akuda, amene bungwe la akatswiri a gofu la PGA linawatsekera kunja kuyambira 1934 mpaka 1961, anali ndi mipikisano yawo pansi pa United Golfers Association. Kufupi kuno, Papwa Sewgolum, kadi wa ku Durban, anapambana Natal Open mu 1963 ndi mu 1965, kachiwiriko akugonjetsa Gary Player, ndipo dziko lonse linaona chithunzi chake akulandira mphoto panja mvula ikugwa chifukwa malamulo a tsankho sankamulola kulowa m'nyumba ya kalabu.

Chimene amuna a malige amenewa amachitamanda kwambiri si zigoli. Ndi kukhala pamodzi zaka zambiri, kudziwana matenda, kuona tsitsi la mnzako likuchita imvi. Pankhani imeneyo Chawama alibe chophunzira kwa wina aliyense. Pitani pabwalo lafumbi Lamlungu masana mukaone mpira wa madala. Kondakitala, mphunzitsi, wowotcherera zitsulo ndi wogulitsa salaula avala yunifomu imodzi, mimba zili patsogolo, mawondo akulira, ndipo wina akaphonya chigoli amasekedwa mpaka mlungu wamawa. "Amdala, mpirawo unakulakwirani chiyani?" Pansi pa mtengo ena ali pa nsolo, ena pa drafuti ya zitsekerero za mabotolo, ndipo owonerera ndiwo amalongolola kuposa osewera.

Ubale wathuwu umapita patali kuposa wa kunja. Lige ya ku America ikamwaliridwa membala, kawirikawiri imatumiza maluwa ndi kukonza mpikisano womukumbukira. Kuno anzake ndiwo amasonkha za bokosi ndi ufa, amagona panja pamoto usiku wonse wa maliro, amanyamula bokosilo ndi kugwira fosholo kumanda. Ambiri mwa amuna omwewa ali m'chilimba, ndipo ndalama ya mwezi uno ikalipira sukulu ya mwana wa goloboyi, ya mwezi wamawa ikagula malata a wosewera kumbuyo. Timu ya madala ndi inshuwalansi ya munthu wosauka.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachisirira mu gofu. Gofu ili ndi njira yotchedwa handicap, imene imapatsa wofooka mikwapulo ingapo yaulere molingana ndi mmene wakhala akusewerera. Motero nkhalamba ya zaka 70 ingapikisane ndi mdzukulu wake mpikisano weniweni, osati womunyengerera. Mpira wa miyendo ulibe chifundo chotero. Bondo likakana, mdala amatsala m'mbali mwa bwalo, ndipo kwa ena kumene kwatsala ndi kutaveni. Madokotala akudandaula za shuga ndi kuthamanga kwa magazi m'matauni mwathu, pamene munthu woyenda maenje 18 amayenda makilomita 6 kapena kuposerapo akucheza ndi anzake. Gofu ilinso ndi mwambo woti wosewera amadziulula yekha akaphwanya lamulo, ngakhale palibe amene waona. Anyamata athu akanapindula nawo mwambo umenewo.

Sindikupempha kuti agumule nyumba ku Chawama n'kubzalapo kapinga. Choyamba n'kuteteza mabwalo afumbi amene alipo, chifukwa m'mizinda mwathu malo osewerera sachedwa kusanduka mapuloti. Chachiwiri chili m'manja mwa makalabu a gofu eni ake. Mkati mwa mlungu kum'mawa mabwalo awo sadzaza, ndipo ndodo zakale zimangochita dzimbiri m'magalaja a mamembala. Atapereka maola amenewo pamtengo wochepa, monga anachitira a ku England zaka 100 zapitazo, makadi ndi anansi awo a ku Chawama, Kalingalinga ndi Mtendere angayambitse lige yawo. Za msungichuma, malamulo ndi zosonkha pamwezi asade nazo nkhawa. Amunawa akhala akuyendetsa zimenezo kuyambira kalekale.