Kachipangizo ka GPS kotumiza uthenga pa setilaiti: zomwe asodzi ndi makomiti ayenera kudziwa

Masiku ano asodzi ambiri pa nyanja ya Malawi akupita kutali ndi gombe kusiyana ndi mmene ankachitira makolo athu. Nsomba za m'mphepete zachepa, choncho maboti a injini amalowa mkati mwa nyanja usiku kukasaka usipa, utaka ndi ndunduma. Nyanjayi ndi yayikulu. M'litali mwake ndi makilomita oposa 550, pomwe yatambalala kwambiri imafika makilomita 75, ndipo chakumpoto kuya kwake ndi mamita pafupifupi 700. Injini ikazima pa nyanja yotere, mwera n'kuyamba, pamakhala mavuto awiri. Loyamba ndi lakuti asodzi sadziwa bwinobwino pomwe ali. Lachiwiri ndi lakuti alibe njira youzira anthu kumudzi, chifukwa foni ya m'manja imadalira nsanja za kumtunda ndipo netiweki imatha kuthawa boti likapita kutali.

Kumaiko akunja kuli tizipangizo togwira m'manja tomwe timathandiza pa mavuto awiri onsewa. Anatipangira anthu okwera mapiri, alenje ndi oyenda pa nyanja zamchere, omwe amafika kumalo kopanda netiweki. Nkhani ino ikufotokoza mmene timagwirira ntchito, zomwe tingathe, ndi zomwe komiti ya pa doko iyenera kukonza isanaganize zogula.

Kodi GPS n'chiyani?

GPS ndi njira yodziwira malo pogwiritsa ntchito masetilaiti, omwe ndi makina ozungulira dziko lapansi kumwamba kwambiri. Inakhazikitsidwa ndi asilikali a dziko la America ndipo inayamba kugwira ntchito mokwanira mu 1995. Masetilaiti ake alipo pafupifupi 30. Amayenda pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi, ndipo iliyonse imazungulira dziko kawiri pa tsiku.

Setilaiti iliyonse imaulutsa mosalekeza uthenga wonena pomwe ili komanso nthawi yeniyeni. Kachipangizo ka m'manja kamamva uthengawu n'kuwerengera nthawi yomwe watenga kuti ufike. Potero kamadziwa kutalika kwa mtunda pakati pa iko ndi setilaitiyo. Kakamva masetilaiti anayi kapena kuposerapo, kamapeza pomwe kali. Zikufanana ndi zomwe msodzi wodziwa nyanja amachita masana: amayang'ana phiri ili, chilumba icho ndi mtengo wautali wa pagombe, n'kudziwa kuti wafika pa chirundu chake. Kusiyana kwake n'kwakuti masetilaiti sabisika ndi mdima, nkhungu kapena mvula.

Chaka cha 2000 chisanafike, boma la America linkasokoneza dala uthengawu kwa anthu wamba, moti kachipangizo kankatha kuphonya ndi mamita 100. Mu May 2000 anasiya kutero, ndipo lero pamalo poyera ngati pa nyanja kamangophonya ndi mamita ochepa. Maiko ena nawonso ali ndi masetilaiti awo a ntchito yomweyi: Russia ili ndi GLONASS, maiko a ku Ulaya ali ndi Galileo ndipo China ili ndi BeiDou. Kumva masetilaiti onsewa n'kwaulere.

GPS imamva koma siyankhula

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezeka. GPS payokha ili ngati wailesi ya m'nyumba. Imalandira mawu, koma simungatumizire nayo uthenga. Msodzi amene ali ndi GPS wamba, kapena foni ya makono yokhala ndi mapu, angathe kudziwa pomwe ali ngakhale netiweki kulibe. Koma palibe munthu kumtunda amene akumuona. Masetilaiti a GPS sadziwa n'komwe kuti pa nyanja pali boti.

Kuti uthenga uchoke m'boti kufika kumtunda pamafunika masetilaiti a mtundu wina, onyamula mauthenga. Odziwika kwambiri ndi a kampani ya Iridium. Alipo 66 ndipo amayenda pafupi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 780. Amapatsirana uthenga okhaokha kumwambako mpaka kuutsitsira pa siteshoni ya pansi, ndipo amakuta dziko lonse lapansi. Kampani ina ndi Globalstar, koma masetilaiti ake sagwira ntchito mofanana m'madera onse, choncho wogula ayenera kuyamba waona ngati dera lake lili pa mapu awo.

Kachipangizo komwe tikukamba pano kamaphatikiza zinthu ziwirizi. Kamapeza malo ndi GPS, kenako kamatumiza manambala a malowo pamodzi ndi uthenga waufupi kudzera pa masetilaiti onyamula mauthenga. Uthengawo umafika pa foni wamba ngati meseji. Wolandira akayankha, yankho limabwerera njira yomweyo mpaka m'boti.

Mitundu yomwe ilipo

Todziwika kwambiri ndi totchedwa inReach, tomwe tinayambitsidwa ndi kampani ya DeLorme mu 2011. Kampani ya Garmin inagula DeLorme mu 2016. Garmin ili ndi inReach Mini 2, kolemera magalamu 100 okha, komanso GPSMAP 67i, komwe kali ndi mapu ndipo kanatuluka mu 2023. Pali GPSMAP 86i, kopangidwira a pamadzi, komwe kamayandama kakagwera m'madzi. ZOLEO nako kamagwiritsa ntchito Iridium, pomwe SPOT imadalira Globalstar. Kuyambira mu 2022 mafoni ena a iPhone amatha kutumiza uthenga wa ngozi pa setilaiti, koma izi zimatheka m'maiko osankhidwa okha.

Palinso mtundu wina wotchedwa PLB kapena EPIRB. Uwu sutumiza meseji ndipo simungachezerepo ndi munthu. Ntchito yake ndi imodzi, kulira kuti pali ngozi n'kunena malo. Umadalira dongosolo la maboma lotchedwa Cospas-Sarsat, lomwe linayambitsidwa ndi Canada, France, America ndi Soviet Union ndipo linapulumutsa anthu koyamba mu 1982. Ubwino wake ndi wakuti palibe ndalama ya pamwezi. Kuipa kwake ndi kwakuti msodzi sangafotokoze vuto lomwe wakumana nalo, komanso uthenga umapita ku maofesi a boma, osati pa foni ya mnzake wa pa doko.

Batani la SOS

Tizipangizo ta mtundu wa inReach tili ndi batani la SOS lobisika pansi pa kachivundikiro kuti lisadinidwe mwangozi. Likadinidwa, uthenga umapita ku likulu la kampani ku Texas, m'dziko la America, komwe kumakhala anthu usana ndi usiku. Anthuwa amalemberana ndi wovutikayo, amaimbira abale omwe maina awo analembetsedwa, ndipo amadziwitsa akuluakulu a dziko lomwe ngoziyo yachitikira. Pa mphindi 10 zoyamba kachipangizoko kamatumiza malo mphindi iliyonse, kenako pa mphindi 10 zilizonse pofuna kusunga moto wa batire.

Koma dziwani kuti likulu la ku Texas lilibe boti pa nyanja ya Malawi. Limangopereka uthenga. Asilikali athu a pamadzi ali ndi likulu lawo ku Monkey Bay, ndipo apolisi a panyanja ali m'malo owerengeka. Kwa msodzi amene injini yamuthera kufupi ndi Usisya, Chizumulu kapena Mbenji, boti lomwe lingamupeze msanga nthawi zambiri ndi la mnzake wa pa doko lomwelo. N'chifukwa chake meseji yopita kwa wapampando wa komiti ndi yofunika mofanana ndi batani la SOS.

Kuwerenga manambala a malo

Malo aliwonse ali ndi manambala awiri. Yoyamba imanena kutalika kwake kuchokera pa mzere wa pakati pa dziko. Ife tili kummwera kwa mzerewu, choncho nambalayi imakhala ndi chilembo S. Yachiwiri imanena kutalika kwake chakummawa ndipo imakhala ndi chilembo E. Mwachitsanzo, Monkey Bay ili pafupifupi pa 14°05' S, 34°55' E, pomwe Nkhata Bay ili pafupifupi pa 11°36' S, 34°18' E. Kachizindikiro kozungulira kakuimira madigiri, kamzere kakuimira tizigawo ta digiri. Digiri imodzi ili ndi tizigawo 60. Poyenda chakumpoto kapena chakummwera, digiri imodzi ndi makilomita pafupifupi 111, ndipo kachigawo kamodzi ndi mamita 1,852.

Chenjerani ndi kalembedwe. Tizipangizo tina timalemba madigiri ndi kadontho, tina timalemba madigiri ndi tizigawo. Malo olembedwa 13.30 ndi osiyana ndi malo olembedwa 13°30'. Oyambawo ndi 13°18', ndipo pakati pa malo awiriwa pali makilomita oposa 22. Opulumutsa akasokoneza kalembedwe angathe mafuta onse akufunafuna pomwe palibe munthu. Choncho tizipangizo ndi mafoni onse a pa doko limodzi atcheredwe mofanana, ndipo wolandira uthenga akopere manambala onse osasiya kadontho ngakhale kamodzi.

Kumbukiraninso kuti boti lopanda injini silikhala malo amodzi. Ngati mphepo ikulikankha makilomita awiri pa ola, pakatha maola atatu lidzakhala litasuntha makilomita 6. Amene ali m'boti azitumiza malo pafupipafupi, ndipo a kumtunda azitsata uthenga womaliza.

Mtengo ndi zofooka zake

Tizipangizoti ndi todula. Pomwe tinkatuluka ku America, inReach Mini 2 inali pa mtengo wa madola pafupifupi 400 ndipo GPSMAP 67i madola pafupifupi 600. Kuwonjezera apo pali ndalama yolipira mwezi uliwonse, yomwe imalipidwa pa intaneti m'ndalama zakunja. Ndalamayi ikapanda kulipidwa, kachipangizoko kamasonyezabe malo koma sikatumiza uthenga, ngakhale wa SOS.

Zina zoyenera kudziwa ndi izi:

1. Kamafuna kuona kumwamba. Mukakaika pansi pa khoka, m'chitini kapena pansi pa thabwa la boti, uthenga umachedwa kapena sutuluka.
2. Uthenga wa pa setilaiti ungatenge mphindi zingapo kuti ufike. Pa inReach meseji wamba imakhala ya zilembo zosapitirira 160.
3. Tambiri timapirira madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, koma si tonse timayandama. Kamangiriridwe pa jekete la munthu, osati pa boti, chifukwa boti likagudubuzika kangapite nalo.
4. Batire likatha, zonse zatha. Katchajidwe boti lisananyamuke.
5. Mawu olembedwa pa kachipangizoko ndi a Chingerezi ndi zinenero zina zakunja. Komabe meseji mungathe kuilemba m'Chichewa, Chitonga, Chitumbuka kapena Chiyawo.
6. Maiko ena, monga India, saloleza tizipangizoti popanda chilolezo. Kuno kwathu bungwe la MACRA ndi lomwe limayang'anira zipangizo zotumizira mauthenga, choncho funsani kumeneko musanaitanitse.

Udindo wa komiti ya pa doko

Chiyambireni makomiti a pa doko ku nyanja ya Malombe ndi kumtunda kwa Shire mu 1993, taona kuti zomwe msodzi mmodzi sangathe, gulu limatha. Mutu umodzi susenza denga. Maboti omwe amapha nsomba dera limodzi angathe kusonkherana n'kugula kachipangizo kamodzi. Koma komiti iyambe yagwirizana mfundo izi:

1. Ndani azilandira mauthenga? Pasankhidwe anthu awiri kapena atatu, amuna ndi amayi, omwe mafoni awo sazimitsidwa usiku.
2. Ndi boti liti lizikapulumutsa, ndipo mafuta ake azisungidwa kwa yani? Mafutawa asabwerekedwe pa ntchito ina.
3. Boti lopulumutsa likhale ndi GPS kapena foni ya mapu, komanso munthu wodziwa kulowetsamo manambala ndi kuwatsata.
4. Mauthenga alembedweretu, monga "Tili bwino", "Injini yafa, bwerani ndi chingwe" ndi "Ngozi, munthu wavulala". Pa mafunde, manja ali onyowa, kulemba n'kovuta.
5. Alovi onse aphunzitsidwe, osati mwini boti kapena siginala yekha.
6. Manambala a foni a polisi, chipatala, mlangizi wa za usodzi ndi makomiti a madoko oyandikana nawo alembedwe m'buku la komiti.
7. Mwezi uliwonse yesani kutumiza meseji wamba kuti muone ngati ikufika pa mafoni omwe mwasankha. Batani la SOS si loyesera kapena kuseweretsa.

Zambiri mwa mfundozi zingayambe lero, ngakhale pa doko pomwe palibe kachipangizo. Buku lolembamo maboti omwe anyamuka, chiwerengero cha anthu, komwe alowera ndi nthawi yomwe akuyembekezeka kubwera silifuna madola.

Ntchito zina za GPS

GPS imasunga malo omwe mwaika chizindikiro. Msodzi angasunge pomwe watchera matchera, pomwe pali chirundu, kapena pomwe pali miyala yong'amba makoka, n'kubwererapo osataya mafuta. Komiti ingalembe malire a malo omwe yapatula kuti nsomba ziziswana, kuti pasakhale kukangana kuti malirewo ali pati. Kwa omwe amapha nsomba kufupi ndi Lake Malawi National Park, komwe madzi a mkati mwa mamita 100 kuchokera kugombe la paki ndi otetezedwa, imathandiza kudziwa ngati boti lalowa moletsedwa. A ku Likoma, Chizumulu ndi Makanjira ingawathandize kupewa kulowa m'madzi a Mozambique mosadziwa. Ku Chilwa nako, asodzi okhala m'zimbowera angasunge njira yotulukira m'mabango.

Tsoka silinunkha, koma mwera umachenjeza. Umaomba kwambiri kuyambira mwezi wa May mpaka August, ndipo nthambi yoona za nyengo imalengeza pa wailesi ukamayembekezeka. Kachipangizo sikaletsa mafunde ndipo sikayandamitsa munthu. Tiyeni tizimvera machenjezo, tizivala majekete oyandamitsa, tisadzaze boti mopyola muyeso, ndipo tizinyamula nkhafi, nangula, tochi ndi madzi akumwa. Ngati komiti yanu ikufuna kukambirana za nkhaniyi, itanani mlangizi wa za usodzi wa m'dera lanu pa msonkhano wotsatira, ndipo yambani ndi funso ili: uthenga ukafika pakati pa usiku, adzanyamuke ndani?