Gwero la Phokoso la Pansi pa Galimoto ndi Kukhwepa kwa Magiya

Mphamvu imene injini ya galimoto imapanga imadutsa m'zitsulo zingapo zolumikizana isanafike ku matayala, ndipo chilichonse mwa zitsulozo chikayamba kudyeka chimakhala ndi kaliridwe kakekake. Pa galimoto ya magiya osintha ndi dzanja, mphamvuyo imayambira pa kilatchi, yomwe ndi mbale yolumikiza kapena kulekanitsa injini ndi giyabokosi, kenako imalowa m'giyabokosimo momwe muli magudumu a mano osiyanasiyana kukula, n'kukafika ku difu, chipangizo chimene chimagawira matayala awiri mphamvu ndi kulola kuti lakunja lizungulire mofulumira kuposa lam'kati pamene galimoto ikukhota. Pa magalimoto okankhidwa ndi matayala akumbuyo, monga maminibasi a Toyota HiAce ndi mapikiapu a Toyota Hilux, difu imakhala kumbuyo ndipo imalumikizidwa ndi giyabokosi kudzera pa chitsulo chachitali chotchedwa propshaft, pamene pa magalimoto ang'onoang'ono okokedwa ndi matayala akutsogolo, monga Toyota Vitz ndi Honda Fit, difu imakhala m'chibokosi chimodzi ndi magiya ndipo mashafuti awiri afupiafupi ndiwo amatuluka kupita ku matayala.

Popeza zitsulo zonsezi n'zomangirirana, phokoso lochokera pamodzi limayenda m'chitsulo n'kukamvekera pena, moti khutu la munthu wokhala pa chiwongolero limanyengeka mosavuta. N'chifukwa chake makaniko wodziwa ntchito yake amayamba wafufuza nthawi imene phokosolo limabwera ndi imene limaleka, ngati likutsata kuzungulira kwa injini, liwiro la pamsewu, giya imene yalowa, kilatchi kapena chiwongolero. Kutsitsa giyabokosi mafunso amenewa asanayankhidwe n'kuwononga ndalama za mwini galimoto, ndipo n'zodandaulitsa kuti ambiri amalipira ntchito yaikulu yotere pamene cholakwika chinali kamphira kotsika mtengo kamene kali kunja kwa giyabokosiyo.

Kuyesa koyamba kumachitika galimoto itaima, injini ikulira, ndodo ya magiya ili pa neutral, ndiko kuti palibe giya yolowa. Ngati kukumveka kulirima kumene kumaleka kilatchi ikapondedwa, chokayikitsa ndi bearing ya shafuti yolowera m'giyabokosi, pakuti kuponda kilatchi kumaimitsa shafutiyo. Bearing ndi mkombero wa timipira kapena timigolo tachitsulo umene shafuti imazungulirapo. Koma ngati phokoso limayamba pamene phazi laponda kilatchi n'kuleka phazilo likachoka, vuto lili pa release bearing, imene imakankha mbale ya kilatchi ndipo imasenza katundu pa nthawi yokhayo, kotero imatha msanga kwa dalaivala wozolowera kutsamiritsa phazi pa kilatchi ali pa ulendo.

Pamsewu kusiyanitsa kumafuna kuleza mtima. Kung'ung'uza kumene kumakula ndi liwiro, mosaona giya imene yalowa, ndipo kumasintha galimoto ikapendekera kumanzere kapena kumanja, kawirikawiri kumachokera ku bearing ya tayala, ngakhale kuti tayala lodyeka mokhotakhota limalira mofanana ndipo liyenera kuonedwa poyamba. Difu yodyeka imalira mosiyana, chifukwa kulira kwake kumasintha dalaivala akaponda moto kapena akausiya, popeza mano ake amagundana mbali ina pokoka ndi mbali ina pamene galimoto ikungotsetsereka. Phokoso lomveka m'giya imodzi yokha limaloza ku mano a giya imeneyo. Pa magiyabokosi ambiri a magiya asanu a magalimoto okankhidwa ndi matayala akumbuyo pali chizindikiro china chothandiza kwambiri: giya yachinayi imalumikiza shafuti yolowera ndi yotulukira mwachindunji, mphamvu osadutsa pa shafuti ina yam'munsi monga imachitira m'magiya enawo, kotero galimoto yolira m'magiya onse koma n'kukhala chete m'giya yachinayi imakhala itaulula kuti ma bearing a shafuti yam'munsiyo kapena ya yolowera ndiwo atha.

Kugogoda kwa ka-ka-ka kumene kumamveka pamene galimoto ikukhota pang'onopang'ono, chiwongolero chitapindidwa mpaka kumapeto, ndi chizindikiro chodziwika cha CV joint yakunja. Imeneyi ndi mfundo ya pa shafuti imene imapereka mphamvu ku tayala mosadumphadumpha ngakhale tayalalo litakhota, ndipo mtundu wake wofala, wokhala ndi timipira tachitsulo tisanu ndi kamodzi toyenda m'mizere, unapangidwa ndi Alfred Rzeppa, injiniya wa kampani ya Ford, m'zaka za m'ma 1920. Mfundoyi payokha ndi yolimba, ndipo chimene chimaipha ndi kung'ambika kwa chikwama cha mphira chimene chimasunga girizi m'kati mwake. Chikwamacho chikang'ambika girizi amamwazikira kuseri kwa tayala, fumbi ndi mchenga zimalowa n'kuyamba kupala timipira ndi mizere yake, ndipo pa misewu yadothi, yafumbi m'chilimwe ndi yamatope m'dzinja, kuwonongekako kumafulumira. Chikwama chong'ambika chikaonedwa phokoso lisanayambe, kutsuka mfundoyo, kuika girizi watsopano ndi chikwama china n'kokwanira, koma ikayamba kugogoda imafunika kusinthidwa yonse. CV joint yam'kati, yoyandikana ndi giyabokosi, siigogoda motero, koma imanjenjemeretsa galimoto pamene dalaivala waponda moto.

Kugunda kumodzi kwa gu kumene kumamveka ponyamuka, posiya moto kapena posintha kuchoka ku giya yakutsogolo kupita ku rivesi, kumasonyeza kuti pali mpata pamene sipayenera kukhala mpata. Pa galimoto ya propshaft mpatawo umapezeka kawirikawiri pa universal joint, kachitsulo kooneka ngati mtanda kamene kali kumapeto kwa shafutiyo, ndipo munthu akagwira shafuti n'kuipotoza uku ndi uku amaumva m'manja, nthawi zina n'kuonanso fumbi lofiira la dzimbiri pa makapu ake. Ma mounting, amene ndi mphira zochindikala zogwirizira injini ndi giyabokosi ku thupi la galimoto, akang'ambika amagundanso chimodzimodzi. Wolowa pansi pa galimoto kukayesa zimenezi ayenera kuikhazika pa zochirikizira zachitsulo ndi kutchinga matayala, chifukwa jeke yekha amatha kuphwa kapena kuterereka.

Ndodo ya magiya ikamagwedera ngakhale giya italowa, kapena dalaivala akamachita kufunafuna pamene pali giya, eni magalimoto ambiri amada nkhawa kuti giyabokosi yatha, komatu vuto limeneli ndi limene nthawi zambiri limakhala lotsika mtengo pa onse. Tsinde la ndodoyo lili ndi mpira umene umakhala m'kambale ka pulasitiki kapena mphira monga munsi mumtondo, ndipo kuchokera pamenepo kuyenda kwa dzanja kumafika ku giyabokosi kudzera pa mawaya awiri olimba kapena pa timitengo tachitsulo, mmodzi wosankha mzere wa magiya ndi wina wolowetsa giya. Polumikizira paliponse pali bushi, kamkombero kofewa kotseka mpata pakati pa zitsulo ziwiri, ndipo mabushiwa amauma ndi kutentha, amafewa ndi oyilo wodontha, mapeto ake n'kuphwanyika. Mpata waung'ono pansi umakula kwambiri kumutu kwa ndodo chifukwa cha kutalika kwake. Njira yotsimikizira n'njosavuta: injini itazimitsidwa, munthu mmodzi amagwedeza ndodo pamene wina akuyang'ana kamkono ka pa giyabokosi, ndipo ngati ndodo ikuyenda kamkonoko kali phee, cholakwika chili panjira pakati pa ziwirizo ndipo giyabokosi siyenera kutsegulidwa.

Kukukuta kwa magiya polowetsa kuli ndi magwero awiri ofunika kuwasiyanitsa. M'giyabokosi muli ma synchro, mikombero imene kawirikawiri imakhala ya mkuwa wosakaniza, yomwe imafananitsa liwiro la giya ndi la shafuti mano asanalumane. Kampani ya Cadillac ndiyo inayamba kuwaika m'magalimoto ake mu 1928. Ngati giya imodzi yokha ndiyo ikukukuta, makamaka yachiwiri imene imagwira ntchito kwambiri m'tauni, synchro yake yadyeka. Koma ngati magiya onse akuvuta injini ikulira, rivesi n'kumakukuta koposa, pamene injini ikazima onse akulowa bwinobwino, ndiye kuti kilatchi sikulekanitsa mokwanira, mwina chifukwa cha mpweya kapena kudontha m'mapaipi a mafuta ake, mwina chifukwa cha waya wofunika kukungidwa. Giya yotuluka yokha galimoto ikuyenda imafunanso kuti ma mounting ndi mawaya ayesedwe poyamba, ndipo zikapezeka zili bwino m'pamene kukayikira kumapita m'kati, ku foloko yokankha giya, ku kasipuling'i ndi kampira kamene kamaigwira pamalo pake, kapena ku mano odyeka. Chizolowezi chosiya dzanja pa ndodo ya magiya chimadya folokoyo pang'onopang'ono.

Oyilo wa m'giyabokosi ndi wa m'difu amaiwalika chifukwa pa magalimoto ambiri alibe chopimira chooneka ngati cha injini, komabe ndi amene amapereka umboni womveka wa zimene zili m'kati. Mlingo wake woyenera pa magiyabokosi ambiri umafika m'munsi mwa bowo lothirira la m'mbali, ndipo bawuti ya bowo limeneli iyenera kumasulidwa isanamasulidwe yokhuthulira, kuopera kukhuthula oyilo kenako n'kulephera kuthira wina. Timphumphu tosalala ngati phala pa maginito a bawuti yokhuthulira n'tachibadwa, koma tizidutswa togwirika ndi zala timasonyeza mano kapena bearing yosweka, pamene oyilo wotuwa ngati mkaka walowa madzi, zimene zimachitika galimoto ikawoloka madzi akuya. Mtundu wa oyilo nawonso ndi wofunika, pakuti wa GL-5, wopangidwira difu, ali ndi mankhwala ambiri a sulfure ndi phosphorus amene angasokoneze ma synchro a giyabokosi yofuna GL-4, ngakhale onse awiri atalembedwa 80W-90 pa chigubu. Magalimoto ambiri ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan amene amafika m'Malawi ndi a magiya osintha okha, ndipo ena mwa iwo ali ndi CVT, giyabokosi yoyendera lamba wachitsulo pakati pa mapule awiri m'malo mwa magudumu a mano, imene imafuna oyilo wakewake wotchulidwa ndi kampani yopanga galimotoyo, chifukwa oyilo wamba wa automatic amatereretsa lambayo n'kuwononga mapulewo.