Momwe gulu la WITCH lidajambulira nyimbo zake zoyambirira

Nyimbo zimene gulu loyimba la WITCH la m'dziko la Zambia lidajambula lisanatchuke, zaka zoposa 50 zapitazo, lero zikugulitsidwa m'maiko a ku Ulaya ndi ku America, ndipo ndi umboni waukulu wa chiyambi cha chamba cha Zamrock.

Gululi lidakhazikitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mumzinda wa Kitwe, m'chigawo cha migodi ya kopa cha Copperbelt. Dzina lake ndi chidule cha mawu a Chingerezi akuti We Intend To Cause Havoc, kusonyeza kuti anyamatawo adatsimikiza mtima kugwedeza dziko. Wotsogolera nyimbo adali Emmanuel Chanda, yemwe anthu adamupatsa dzina loti Jagari pomufanizira ndi Mick Jagger wa gulu la Rolling Stones la ku Britain.

Chimbale chawo choyamba, chotchedwa Introduction, chidatuluka m'chaka cha 1972. Nyimbo zake adazijambula mumzinda wa Chingola, m'situdiyo ya Malachite yomwe ntchito yake yeniyeni idali yokonza mafilimu. Popeza pa nthawiyo dziko la Zambia lidalibe fakitale yodindira zimbale, gululi lidatengera tepi yake ku Nairobi m'dziko la Kenya, ndipo zimbalezo zitadindidwa oyimbawo ankazigulitsa okha m'malo momwe ankayimba.

Kuchepa kwa zipangizo kumamveka m'nyimbozo. Magitala ake ndi aukali komanso osasalala, ndipo nyimbo zake ndi za m'Chingerezi potsanzira magulu a rock a kunja. Koma ukali womwewo ndi umene okonda nyimbo akuufunafuna lero.

Chimbale cha In the Past chidatsatira mu 1974, ndipo cha Lazy Bones!!, chomwe chidatchukitsa kwambiri gululi, chidatuluka mu 1975. Ndondomeko ya boma idathandizapo. Mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, Dr Kenneth Kaunda, adalamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pawailesi zikhale za oyimba a m'dzikomo. Lamuloli lidakulitsa msika, ndipo makampani monga Zambia Music Parlour ya Edward Khuzwayo ndi Teal Record Company adatanganidwa kutulutsa zimbale za magulu atsopano.

Zinthu zidatembenuka mtengo wa kopa utagwa pamsika wa dziko lonse. Chuma chidasokonekera, anthu adaleka kugula zimbale, malamulo oletsa kuyenda usiku adapha madansi, ndipo pambuyo pake matenda a Edzi adatenga miyoyo ya oyimba ambiri. Chanda adasiya gululo nayamba uphunzitsi, kenaka adalowa ntchito yokumba miyala yamtengo wapatali.

Chimene chidapulumutsa mbiri ya gululi ndi nyimbo zomwe zidajambulidwa ndi kusungidwa. Mu 2012 kampani ya Now-Again Records ya ku America idasonkhanitsa zimbale zakalezo n'kuzitulutsanso pamodzi. Izi zidatsegula njira yoti Chanda abwerere pansanja ndi oyimba atsopano, mu 2019 kudatuluka filimu yofotokoza mbiri ya gululi, ndipo mu 2023 lidatulutsa chimbale cha Zango, patadutsa zaka 39 chitulutsireni cha Kuomboka mu 1984.

Nkhaniyi ndi chikumbutso kwa onse oyang'anira zachikhalidwe ndi nkhokwe za zinthu zakale kuti tepi ya gulu losadziwika lero ikhoza kudzakhala chuma cha dziko mawa, pokhapokha itasungidwa bwino ndipo umwini wake utalembedwa momveka.